Salmo 51: pemphero la munthu amene mlandu wake unalibe dipo

Uriya Mhiti ananyamula yekha kalata yomuphetsa. Mfumu Davide ndiye anailemba, n'kumupatsira m'manja kuti akapereke kwa Yowabu, mkulu wa asilikali amene anali atazinga mzinda wa Raba wa Aamoni, pamalo pamene lero pali Amman, likulu la dziko la Jordan. M'kalatamo munali lamulo loti Uriya amuike kutsogolo, pamene nkhondo yatentha, kenako anzake abwerere m'mbuyo kuti adani amukanthe. Mfumu inadalira kukhulupirika kwa munthu yemwe inkamuphayo, podziwa kuti kalata ikafika bwinobwino.

Aliyense wofuna kumvetsa Salmo 51 ayambire pa 2 Samueli 11 ndi 12, chifukwa mawu olembedwa pamwamba pa salmoli, ngati mutu wake, amaloza kumeneko. Amati ndi salmo la Davide, pamene mneneri Natani anabwera kwa iye atagona ndi Bateseba. Nkhaniyo ambiri timaidziwa mwachidule, ndipo kufupikitsako kumaichepetsa mphamvu. Davide anaona mkazi akusamba ali padenga la nyumba yake, anafunsa za iye, anauzidwa momveka kuti ndi mwana wa Eliyamu, mkazi wa Uriya, ndipo anatumabe amithenga kukamutenga. Mkazi uja atatumiza uthenga woti ali ndi pakati, mfumu inaitanitsa mwamuna wake kunkhondo kuti akagone kunyumba, mimbayo ioneke ngati yake. Uriya anakana, nati sangakagone kwa mkazi wake pamene Bokosi la Chipangano ndi anzake onse ali m'misasa. Davide anamuledzeretsa, koma ngakhale ataledzera sanapite. M'pamene kalata ija inalembedwa. Ndipo Uriya sanafe yekha, asilikali ena anafera limodzi naye pafupi ndi linga. Uriyayu sanali munthu wamba: dzina lake ndi limene likutseka mndandanda wa ngwazi za Davide pa 2 Samueli 23:39.

Uthenga wa imfayo utafika, Davide anauza Yowabu kuti chinthuchi chisaipe m'maso mwake, pakuti lupanga limadya uyu ndi uyo. Mavesi awiri okha pambuyo pake, wolemba nkhaniyo akubwereza mawu omwewo n'kuwatembenuza: chimene Davide anachita chinaipa m'maso mwa Yehova. Mawuwa muwasunge, tikumana nawonso m'salmo.

Miyezi inadutsa, mwana anabadwa, palibe amene analankhula. Koma mlandu suwola. Natani anabwera ndi fanizo la munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, kamene kankadya naye m'mbale imodzi ndi kugona pachifuwa pake. Davide anapsa mtima, nagamula kuti wochita zotere ngwoyenera kufa ndipo abweze kanayi. Natani anamuuza kuti munthuyo ndi iye yemwe. Yankho la mfumu, m'Chihebri, ndi mawu awiri okha, otanthauza kuti ndachimwira Yehova.

Salmo 51 lili ngati mawu awiri amenewo atawatambasula.

Tisanalowe m'mavesi ake, tiyenera kudziwa mmene mlandu wa Davide unalili pamaso pa Chilamulo, popeza apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nsembe zopepesera machimo zimene Levitiko 4 akufotokoza zinali za munthu wochimwa mosadziwa. Numeri 15:30-31 akunena kuti wochimwa dala, modzikuza, asadzidwe pakati pa anthu a mtundu wake. Chigololo chilango chake chinali imfa (Levitiko 20:10). Za wopha mnzake, Numeri 35:31 akuletseratu kulandira dipo lowombolera moyo wake. Davide anali ndi ng'ombe zosawerengeka, ansembe anali pafupi, guwa linali pomwepo, koma panalibe nyama imene akanatsogoza kuti mlandu uthe. Choncho pamene vesi 16 likuti Mulungu sakondwera ndi nsembe, apo ayi ndikanapereka, wolembayo sakunyoza chipembedzo cha makolo ake. Akunena zimene zinalipodi. Wafika pamene njira zonse zodziwika zathera.

N'chifukwa chake pempheroli silikuyamba ndi munthu. Palibe pamene akukumbutsa Mulungu za Goliati, za nkhondo zimene anapambana kapena za Bokosi limene analibweretsa ku Yerusalemu akuvina. Likuyamba ndi khalidwe la Mulungu: mundichitire chifundo monga mwa chikondi chanu chosasinthika, monga mwa kuchuluka kwa chisoni chanu. Mawu a Chihebri a chikondi chimenechi ndi hesed, kukhulupirika kwa amene anamanga pangano ndipo sakulisiya ngakhale mnzake waliswa. Achiwiriwo ndi rahamim, ochokera ku mawu otanthauza chiberekero, ndiye kuti chifundo cha m'mimba, chimene mayi amamva mwana wake akabwera atavulala ngakhale kuvulalako akudziputira yekha. Wolembayo sanawapeke mawuwa. Ali pa Eksodo 34:6-7, pamene Mulungu anadzitchula dzina lake kwa Mose Aisraeli atangopembedza mwana wa ng'ombe wagolide. Pamenepo Mulungu anati ndi wachifundo ndi wachisomo, wokhululukira mphulupulu, kupanduka ndi tchimo. Wopemphera wa Salmo 51 akugwira Mulungu pa mawu ake omwe.

Ndakatulo za Chihebri zimakonda kunena chinthu kawiri kapena katatu, mzere wachiwiri n'kumakuza zimene woyamba wanena. Wowerenga mothamanga amaona ngati ndi kubwereza chabe. Koma mayina atatu a tchimo amene ali m'mavesi 1 ndi 2, omwe ndi aja a pa Eksodo 34, lililonse lili ndi chithunzi chake. Pesha ndi mawu a ndale, kugalukira mfumu. Ndi amene agwiritsidwa ntchito pa 2 Mafumu 1:1, Amowabu atapandukira Israeli Ahabu atamwalira. Taganizani, mfumu imene inazolowera kuthana ndi zigawenga ikudzitcha yokha chigawenga. Avon ambiri amawamva ngati kupotoka, kukhota kwa chinthu chimene chinayenera kuwongoka, pamodzi ndi mlandu umene umatsalira pa wochitayo. Hattat akuchokera ku mawu otanthauza kuphonya. Pa Oweruza 20:16 timamva za amuna 700 amanzere a fuko la Benjamini amene ankatha kulasa tsitsi limodzi ndi mwala wa gulaye osaphonya, ndipo mawu a kuphonyawo ndi omwewa. Davide, katswiri wa gulaye, anaphonya pa chinthu chachikulu kuposa mphumi ya Goliati.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi kamawu koti "anga". Kupanduka kwanga, mphulupulu yanga, tchimo langa. Bateseba sakutchulidwa ngati wonyengerera, Yowabu sakutchulidwa ngati amene anachita zakuphazo, ndipo kuvuta kwa ufumu sikukubwera ngati chodzikhululukira. Yerekezani ndi Sauli pa 1 Samueli 15. Nayenso anati ndachimwa, koma anawonjezera kuti ankaopa anthu, kenako anapempha Samueli kuti amulemekezebe pamaso pa akuluakulu. Mafumu onse awiri ananena kuti achimwa. Mmodzi anali akuyang'anabe ku gulu la anthu kuti aone ngati ulemu wake ulipo.

Zimene akupempha Mulungu kuti achite zilinso ndi zithunzi zitatu. Kufafaniza ndi kufufuta zolembedwa m'buku la milandu, ndipo mawu omwewo pa 2 Mafumu 21:13 akunena za munthu wopukuta mbale n'kuivundikira. Kutsuka kwa pa vesi 2 si mawu a kusamba m'thupi. Ndi mawu a kuchapa zovala, kumene kalelo kunkachitika mozipondaponda ndi kuzimenya. Amene anaonapo amayi akuchapa pamwala kumtsinje akudziwa kuti nsalu yolowerera litsiro siyera poisisita, amaikung'untha ndithu. Wopempherayo akudziwa kuti kuyera kwake kumupweteka, ndipo akuti munditsuke kwambiri. Chachitatu, kuyeretsa, ndi mawu a wansembe polengeza kuti wodwala khate wachira ndipo angabwerere pakati pa anthu. Hisope wa pa vesi 7 akuchokera komweko. Ndi kachitsamba kamene ankawazira wochira khate (Levitiko 14) ndi munthu amene wakhudza mtembo (Numeri 19), komanso ndi kamene Aisraeli anapakira magazi pa mphuthu za zitseko usiku wa Paska. Munthu wopempha hisope akudziona ngati wakhate ndiponso ngati wodetsedwa ndi maliro. Pa nkhani ya Uriya, chachiwirichi n'chosachita kufunsa. Kuyera kumene akulakalaka akukuyerekeza ndi chipale chozizira chimene chimagwa pa mapiri a kumeneko monga Herimoni, chimene Mabaibulo ena a Chichewa amachitcha matalala popeza ndicho chinthu chapafupi chimene ife timachidziwa.

Tsopano vesi 4, limene limavutitsa anthu ambiri, ndipo n'koyenera kuti liwavutitse: ndachimwira Inu, Inu nokha. Nanga Uriya? Nanga mkazi amene anatengedwa ndi amithenga a mfumu, mwamuna wake n'kuphedwa, mwana wake n'kumwalira? Nanga amasiye a asilikali ena aja? Vesili likawerengedwa molakwika limasanduka pobisalira. Munthu amawononga mwana wa eni ake kapena kudya ndalama za amasiye, n'kulira m'tchalitchi Lamulungu, kenako n'kumati zake wathana ndi Mulungu, wina asamufunse. Kumeneko n'kuba vesi.

Theka lachiwiri la vesilo ndi limene likumasulira loyambalo: ndachita choipa m'maso mwanu. Awa ndi mawu aja a pa 2 Samueli 11. Munthu amene ankati chinthuchi chisaipe m'maso mwa Yowabu tsopano wavomera kuona ndi maso a Mulungu. Kumbukiraninso kuti anali mfumu. M'maufumu a nthawi imeneyo kunalibe bwalo limene likanazenga mfumu mlandu chifukwa cha mkazi wa msilikali, makamaka msilikali wochokera ku mtundu wina. Kunena kuti ndachimwira Mulungu kunali kuvomera kuti Uriya anali ndi womuimira wamkulu kuposa mpando wachifumu, ndipo kuti kukhudza Uriya kunali kukhudza Mwini wake. Mlandu sukuchepa pamenepa, ukukwera kufika ku bwalo limene munthu sangalipereke chiphuphu. Yosefe ananena zofanana pokana mkazi wa Potifara: atatchula kukhulupirika kwa mbuye wake, anafunsa kuti angachite bwanji choipa chachikulu chotere n'kuchimwira Mulungu. Ndipo Baibulo lomweli sililola kuti munthu alumphe mnzake popita kwa Mulungu. Levitiko 6 akuti wobera mnzake wachimwira Yehova, ndipo abweze chinthucho n'kuwonjezerapo limodzi la magawo asanu, kenako abwere ndi nsembe. Yesu pa Mateyu 5:23-24 anati usiye mtulo wako paguwa, uyambe wakayanjana ndi m'bale wako. Chomvetsa chisoni pa Davide n'chakuti amene akanamupepesa anali m'manda. Madzi akatayika sawoleka.

Vesi 5, lonena kuti ndinabadwa mu mphulupulu ndipo mayi anga ananditenga pathupi mu uchimo, lakhala pakati pa mikangano ya akatswiri a zaumulungu kwa zaka mazana ambiri. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, analigwiritsa ntchito pophunzitsa za tchimo lobadwa nalo, ndipo mipingo yambiri ya kumadzulo inatsata njira imeneyo. Ayuda, amene salmoli ndi lawo poyamba, salimva ngati chiphunzitso cha mlandu wotengera kwa Adamu. Zimene mbali zonse zingagwirizane n'zakuti wolembayo sakunyoza mayi ake, sakunenanso kuti kugonana kwa m'banja n'kodetsedwa. Akukana bodza limene tonse timalikonda, loti ndinangoterereka, si khalidwe langa. Iye akuti zimene zinachitika padenga paja zinatuluka mwa ine, muzu wake ndi wakale ngati ine ndemwe.

Munthu akafika poona choncho, kukhululukidwa kokha sikumukwanira. Ukachapa chovala n'kuchibwezera pa thupi la zilonda, mawa chidetsedwanso. Ndiye pa vesi 10 pakubwera pempho limene ndi mtima wa salmo lonse: mundilengere mtima woyera, Mulungu. Mawu a kulenga apa ndi bara, omwe ali pa Genesis 1:1, ndipo m'Chipangano Chakale chonse wolenga mwa njira imeneyi ndi Mulungu yekha. Mmisiri amaumba, amasema, amamanga, koma salenga. Komanso kwa Ahebri mtima sunali malo a chikondi chokha, unali pamene munthu amaganizira ndi kupangira zosankha, pamene kalata ya Uriya inakonzedwera isanalembedwe. Wopempherayo sakulonjeza kuti ayesetsa. Malonjezo otere ndi amene tonse timayamba nawo, ndipo amatha msanga ngati mame. Iye akupempha kuti zimene zinachitika pachiyambi cha dziko zichitikenso m'chifuwa mwake. Mneneri Ezekieli pa 36:26 analankhula chimodzimodzi kwa akapolo a ku Babuloni, kuti Mulungu adzawapatsa mtima watsopano ndi mzimu watsopano.

M'mavesi 10 mpaka 12 mawu oti mzimu akubwera katatu: mzimu wokhazikika, mzimu woyera wa Mulungu, ndi mzimu wofunitsitsa kumvera. Mawu oti mzimu woyera ndi osowa m'Chipangano Chakale, amapezeka pano ndi pa Yesaya 63:10-11 basi. Kwa Davide, pempho loti musandichotsere mzimu wanu linali ndi nkhope. Ali mnyamata ankaimbira zeze Sauli, mfumu imene Mzimu wa Yehova unaichokera (1 Samueli 16:14), ndipo anaona ndi maso ake mmene munthu wotere amathera. Onaninso mmene nkhope ya Mulungu ikutchulidwira. Pa vesi 9 akuti bisani nkhope yanu ku machimo anga, pa vesi 11 akuti musanditaye kundichotsa pankhope panu. M'masalmo ena anthu amalira kuti Mulungu asabise nkhope yake. Uyu akupempha chinthu chovuta kwambiri, kuti Mulungu alekanitse munthu ndi zimene wachita, afulatire chimodzi koma ayang'anebe chinacho.

Pali chinthu chimodzi chimene salmoli silikupempha, ndipo kusowa kwake n'kofunika. Silikupempha kuti zotsatira za tchimo zichotsedwe. Natani anauza Davide kuti Yehova wachotsa tchimo lake ndipo safa, koma ananenanso kuti lupanga silidzachoka panyumba pake. Mwana uja anamwalira tsiku lachisanu ndi chiwiri, ngakhale bambo ake anasala kudya n'kugona pansi. Amnoni, mwana wa Davide, anagwirira mlongo wake Tamara, Abisalomu, mwana winanso wa Davide, anapha Amnoni, kenako anagalukira bambo ake n'kugona ndi adzakazi awo padenga la nyumba yachifumu, Aisraeli onse akuona. Amene anamupatsa malangizo amenewo anali Ahitofele, yemwe kale anali mlangizi wa Davide, ndipo 2 Samueli 23:34 akutchula Eliyamu wina, mwana wa Ahitofele, zimene zachititsa owerenga ambiri kuganiza kuti nkhalambayo inali agogo ake a Bateseba. Kukhululukidwa kunali kwenikweni, ndipo mabala analinso enieni. Munthu amene akulapa n'cholinga choti asachotsedwe ntchito, banja lisathe, kapena bwalo la mpingo limubwezere msanga pa udindo, sanafike pamene salmoli laima. Chimene wolembayo akuopa kutaya ndi Mulungu mwini, ndi chimwemwe cha chipulumutso chake.

Chimwemwecho akuti mundibwezere, ndipo vesi lotsatira likuti ochimwa adzabwerera kwa Inu. M'Chihebri mawu awiriwa ali ndi tsinde limodzi, shuv, kutembenuka n'kubwerera kumene unachoka, ndipo ndi tsinde lomweli limene Ayuda anatengako mawu awo a kulapa, teshuvah. Mulungu akabweza, munthu amabwerera, n'kuyamba kuitana ena. Pa vesi 14 mlandu wa magazi ukutchulidwa poyera, ndipo pakamwa pamene panatsekeka ndi manyazi pakupemphedwa kutsegulidwa. Salmo 32, limene limayenda limodzi ndi ili, limafotokoza za kukhala chete kumeneko, kuti mafupa anakalamba ndi kubuula tsiku lonse ndipo mphamvu zinauma ngati m'chilimwe. Vesi 15 la Salmo 51, loti Ambuye tsegulani milomo yanga, ndi limene Ayuda amanena poyamba pemphero lawo lalikulu la tsiku ndi tsiku lotchedwa Amidah, ndipo Akatolika ndi Aanglikani amatsegulira nalo mapemphero a m'mawa.

Nsembe imene yatsala ndi ya pa vesi 17, mzimu wosweka, mtima wosweka ndi wophwanyika. Mawu a kuphwanyikawa ndi omwe ali pa vesi 8, onena za mafupa amene Mulungu anawaphwanya. Chilamulo chinkakana nyama yothyoka kapena yolumala paguwa (Levitiko 22:22). Apa chothyoka ndicho chokhacho cholandiridwa. Ndikuona kuti vesili lapulumutsa anthu ambiri amene ankaganiza kuti ayambe adzikonza kaye asanayandikire Mulungu, ndipo akanafa akudikira.

Mavesi awiri omaliza amadabwitsa, chifukwa akupempha kuti malinga a Yerusalemu amangidwe ndi kuti ng'ombe ziperekedwenso paguwa. Malingawo anagwetsedwa ndi Ababuloni cha m'ma 586 Yesu asanabadwe, zaka pafupifupi 400 Davide atamwalira, ndipo Nehemiya anawamanganso cha m'ma 445. Pa chifukwa chimenechi akatswiri ambiri amati mavesiwa anawonjezedwa ndi anthu a nthawi ya ukapolo, ndipo ena amati salmo lonse ndi la nthawi imeneyo, mawu apamwamba aja n'kuikidwa pambuyo pake. Ena amaliona lonse ngati la Davide. Mulimonsemo, zikusonyeza kuti mtundu wonse, kachisi wake ali bwinja ndipo ulibe poperekera nsembe, unapeza kuti pemphero la munthu wopanda dipo ndi pemphero lawo.

Mpingo wachikhristu unaliika pakati pa masalmo 7 a kulapa, omwe ndi 6, 32, 38, 51, 102, 130 ndi 143, mndandanda umene Cassiodorus, wolemba mabuku wachikhristu wa ku Italy, anaulemba kale m'zaka za m'ma 500. M'Mabaibulo a Chigriki ndi Chilatini nambala yake ndi 50, ndipo limadziwika ndi mawu ake oyamba a Chilatini, Miserere. Limaimbidwa Lachitatu la Phulusa. Possidius, amene analemba mbiri ya Augustine, akusimba kuti bishopuyo akudwala matenda omaliza m'chaka cha 430, adani atazinga mzinda wa Hippo, anapempha kuti masalmo a kulapa alembedwe n'kupachikidwa pakhoma moyang'anana ndi bedi lake, ndipo ankawawerenga akulira. Buku loyamba limene Martin Luther anasindikiza m'dzina lake, m'chaka cha 1517, linali lomasulira masalmo 7 omwewa m'Chijeremani.

Buku la 1 Mbiri, pa mutu 20, limasimba za nkhondo ya ku Raba, limanenanso kuti Davide anatsala ku Yerusalemu, koma za Bateseba ndi Uriya silitchulapo. Buku la Masalmo silinatero. Mawu oyambirira enieni apamwamba pa Salmo 51, dzina la Davide lisanabwere, ndi oti kwa mtsogoleri wa oimba. Manyazi a mfumu anaperekedwa kwa kwaya, dzina la mkazi ndi la mneneri zili pomwepo, kuti anthu aziimba pagulu. Ndipo Mateyu, polemba mzere wa makolo a Yesu, atafika pa mayi ake a Solomo anawatchula kuti mkazi wa Uriya.